Che Aufi Atenga Zoyera

Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi Che Aufi anasewera chesi Lachisanu lililonse, koma sanayambepo gemu ngakhale kamodzi. Anthu akamva zimenezi amayesa nthabwala. Si nthabwala ayi. Pa chesi amayamba kusuntha ndi amene wagwira zidole zoyera, ndipo zaka zonsezo Che Aufi ankagwira zakuda.

Iwowa ndi telala wa pa Domasi. Mukatsika minibasi n'kulowera msewu wafumbi wa kwa Malemia, mudzawaona pakhonde la golosale ina yakale, mzuli kumutu, tepi m'khosi, mapazi ali pa makina. Ndi munthu wamfupi, wowonda, wa maso osathamanga. Anabadwira m'chigwa momwemo. Bambo awo ankagula matemba ku Kachulu n'kumawagulitsa panjinga m'midzi ya m'munsi mwa phiri. Mwanayo anapita ku madrasa, koma sukulu ya boma anailekeza Sitandade 4. Atakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo awo anakawasiya m'manja mwa telala wina pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Zomba. Zaka ziwiri zoyamba anangosokera mabatani ndi kupemerera makala a simbi. Lumo analigwira chaka chachitatu.

Mu 1979 anabwerera kwawo ndi makina awoawo. Anakwatira Kuluthumu, namanga nyumba kwa mkaziyo monga mwa mwambo. Ana anabadwa asanu, atatu alipo. Ali ndi kamunda ka mpunga kamene kamawafikitsa Disembala chaka chikakhala chabwino.

Kaunjika itadzaza m'misika, anthu analeka kusoketsa malaya atsopano ndipo matelala ambiri anagulitsa makina. Che Aufi anakhalabe pakhonde paja. Ntchito yawo inasanduka yochepetsa mathalauza a m'belo, kuika zipi, kupinda masiketi ndi kugamba mayunifolomu a ana a sukulu m'matako. Sanadandaule. Ankati ntchito imeneyi ndiyo yowayenera: munthu abwere ndi vuto lake, aliike patebulo, iwo aone chochita. Ndi mmene alili paliponse. Pamaliro, pamsonkhano wa alimi a mpunga, ngakhale kunyumba kwawo, amadikira ena athe mawu. Kenako amanena awiri atatu, kapena osanena n'komwe.

Chesi inawapeza mu 1988. Tsiku lina kunabwera mphunzitsi watsopano wa pulayimale, a Silas, atanyamula thalauza lodyedwa ndi tcheni cha njinga. Anali Mlomwe wa mpingo wa Angilikani, wamtali, wa mawu omveka kutsidya kwa msewu. Poti analibe thalauza lina labwino, anati adikira pomwepo. Anatulutsa kabolodi m'chikwama, nayala tizidole pabenchi n'kumasewera okha. Che Aufi ankasoka uku akuba maso.

"Bawo ya azungu imeneyi, Che Telala," anatero a Silas. "Ilibe maenje. Ndikuphunzitseni?"

"Ine sukulu sindinapite nayo patali, aphunzitsi."

"Hatchiyi inapita sukulu iti? Bwerani kuno."

Anawaphunzitsa mayendedwe a zidole kwa masabata atatu. Tsiku la gemu yeniyeni litafika, a Silas anabisa msilikali woyera m'dzanja limodzi, wakuda m'dzanja lina, natambasula zibakera ziwiri kuti mnzawoyo asankhe, monga amachitira osewera kulikonse. Che Aufi anafunsa kuti kusankhako n'kwa chiyani. Atamva kuti wopeza woyera ndiye amayamba, anabweza manja awo kumbuyo.

"Munabadwa chaka chanji, aphunzitsi?"

"Fifite-wanu."

"Ndiye palibe chosankha apa. Wamkulu ndiye amayamba kusamba m'manja."

A Silas anaseka mpaka kutsokomola, koma anatenga zoyera. Sabata yotsatira anatenganso. Zaka zoyamba ankayesa kutembenuza bolodi, Che Aufi n'kulibwezera mwakachetechete mmene linalili. Kenako onse awiri anaiwala kuti zinthu zikanatheka mwina.

Tsiku lawo linali Lachisanu, chifukwa sukulu inkaweruka msanga ndipo Che Aufi akachoka kumzikiti ku mapemphero a Juma sankatsegulanso makina. Ankapalasa njinga kupita kwa a Silas, kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, n'kukhala pakhonde mpaka nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka. Bolodi linali la a Silas. Nsanja imodzi yoyera, chidole cha pakona, inatayika kalekale, ndipo m'malo mwake munkaima bobini ya ulusi.

A Silas anali ndi kayambidwe kamodzi kokha. Msilikali wa patsogolo pa mfumu masitepe awiri, kenako hatchi, kenako bishopu kuloza pakhosi pa mfumu yakuda. Ankamenyetsa zidole pabolodi ngati akudinda kalata. Che Aufi ankamanga mpanda wawo pang'onopang'ono n'kukhala m'katimo.

"Tulukani kuunako, Che Aufi! Mwasanduka mbewa?"

"Mbewa imafera panja, aphunzitsi."

"Onani bishopu wangayu, akubwera kudzakubatizani."

"Shehe wangayu amudikira pakhomo."

Pakuti chidole chimene a Silas ankachitcha bishopu, Che Aufi ankachitcha shehe, ndipo palibe anagonjera mnzake. Pa magemu asanu a Silas ankawina atatu. Awiri otsalawo Che Aufi ankawatola pamene aphunzitsi athamanga kwambiri n'kusiya khomo la kwawo lotsegula. A Silas anapuma ntchito, ana anakula n'kubalalika, milatho inakokoloka n'kumangidwanso, koma Lachisanu silinasinthe.

Mu Febuluwale chaka chatha a Silas anagwa m'munda akupalira. Inali sitiroko. Anakhala masabata atatu m'chipatala ku Zomba, nabwerako dzanja lamanja litafa, kamwa litapotokera mbali imodzi. Mawu aja omveka kutsidya kwa msewu anatha. Che Aufi ankapitabe Lachisanu lililonse, kukangokhala nawo. Za chesi sanatchule.

Mu Meyi, mpunga utacha, a Esnath, akazi a a Silas, anatulutsa bolodi okha. Analiyala monga ankaonera zaka zonse, zoyera kwa amuna awo. A Silas anaziyang'ana, ndipo nkhope yawo inawala pang'ono. Anakweza dzanja lamanzere. Linapita pamwamba pa msilikali wa mfumu, linaima, linapita pa hatchi, linabwerera, linatsikira pabondo. Patapita nthawi linakweranso. Che Aufi anadikira. Kudikira ndiye luso lawo, ndipo ankaganiza kuti akuchita bwino. Mthunzi wa nyumba unasuntha kuchoka pamasitepe kufika pamtengo wa mapapaya. Pomaliza a Silas anatembenuzira nkhope kukhoma.

M'mawa mwake a Esnath anafika pakhonde la golosale atanyamula bolodi lokulungidwa m'chitenje.

"Akuti mutenge, alamu."

"Anena okha?"

"Ndawafunsa kuti kodi ndilisunge, akana. Ndati ndikapatse Che Aufi, avomera." A Esnath anakhala pabenchi namasula mpango kuti apukute nkhope. "Mutu uli bwino, adokotala ananena. Mukawafunsa kuti mumwa tiyi, amati eya. Mukati mwana wathu woyamba ndani, amati Malcolm. Koma kuti ayambe okha, anene kuti ndikufuna madzi, angafe ndi ludzu chikho chili pomwepo. Zili ngati njinga yoti wina aikankhe kaye."

Che Aufi analandira bolodi ndi manja awiri. Tsiku limenelo anasoka zipi ya thalauza la munthu mozondoka.

Anafotokozera Kuluthumu akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Mayiyo sanaimitse n'komwe lichero.

"Ndiye osangoyamba inuyo bwanji?"

"Ndiyambe ine, aphunzitsi ali pomwepo?"

"Inu abambo ake Fauzia, munthu mwamusiya maola awiri akuvutika ndi kachidole, inu muli phee kumuonerera. Umenewo mukuti ulemu?"

Mawuwo anawalowa Che Aufi, chifukwa anaona kuti ngati sayamba iwo, a Silas sadzakhudzanso bolodi, ndipo chotsala cha mnzawo chidzakhala munthu wongoyang'ana khoma.

Lachisanu anamanga bolodi pakaliyala n'kuwoloka mtsinje. Analiyala okha, zakuda kwa a Silas.

"Mundikhululukire, aphunzitsi. Lero nditsogola ine."

A Silas sanakane. Apo m'pamene Che Aufi anazindikira kuti sakudziwa poyambira. Zaka zonsezi ankaona zoyera zikubwera, sanaganizepo kuti zimachoka bwanji kwawo. Anachita chokhacho chimene ankachidziwa: anakankha msilikali wa patsogolo pa mfumu masitepe awiri.

Dzanja lamanzere la a Silas linanyamuka msangamsanga. Linadumpha zidole zakuda zonse, linawoloka bolodi, linagwira hatchi yoyera n'kuiika pamalo pamene inkapita Lachisanu lililonse. Linali litayamba kale kufunafuna bishopu woyera pamene a Silas anaona chimene achita. Anayang'ana zakuda zili pamaso pawo, anayang'ana zoyera zili kutali, anayang'ana Che Aufi. Msozi unatsika diso limodzi lokha, la mbali yamoyo.

Che Aufi anabwerera akukankha njinga, osaikwera. Kayambidwe kaja kanali ka a Silas, ngati malaya awo. Kuwaonetsa munthu wina atawavala kunali kuwasokoneza. Pankafunika kayambidwe kena, kamene dzanja la aphunzitsi silinakazolowere.

Kumapeto kwa mwezi kunabwera Malcolm, mwana woyamba wa a Silas, amene amagwira ntchito ku Blantyre. Ndi bambo wa ana atatu, ndipo chesi amasewera pafoni ndi anthu a m'mayiko ena. Atamva nkhaniyi kwa mayi ake, anabwera pakhonde la golosale.

"Ababa, mayambidwe alipo mahandiredi. Koma inu ndikudziwani, yanu ndi iyi." Anawaonetsa pafoni. "Amaitcha London. Msilikali wa mfumukazi masitepe awiri, bishopu atuluke apa, asilikali awa aime chonchi ngati denga la nyumba. Basi. Mnzanu achite zimene akufuna, inu mukungomanga zanu. Simungaluze msanga."

"Palibe chimene chimadyedwa?"

"Ngakhale chimodzi. Ndi ya madala imeneyi."

Malcolm anajambula pa katoni ya sopo, ndipo Che Aufi anaikhoma pakhoma pafupi ndi makina. Anaikonda London. Unali mpanda wawo womwe uja, kungoti woyera. Sabata yonse ankati akasoka thalauza limodzi, n'kuyala bolodi pabenchi, kuyeseza, n'kubwerera pamakina.

Lachisanu anakankha msilikali wa patsogolo pa mfumukazi. A Silas anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira msilikali wakuda wa mzere womwewo, namuimika maso ndi maso ndi woyerayo, kumutsekera njira. Che Aufi anasendera pafupi ndi bolodi. Anatulutsa shehe. Patapita nthawi yaitali kuposa poyamba, a Silas anatulutsa hatchi. Che Aufi anaika msilikali wina wa denga lija. Anadikira. Maso a a Silas anayendayenda pabolodi, osapeza poima. Zoyera zinali kwawo, zakuda kwawo, palibe chokhudza chinzake. Maso aja anakwera, anadutsa phewa la Che Aufi, nakakhazikika paphiri la Zomba. Sanabwererenso.

A Esnath anawaperekeza mpaka pamsewu.

"Alamu, musandimve molakwa. Inu ndi m'bale wathu. Koma mukachoka ndi bolodi lanulo amakhala masiku awiri osadya. Mapilitsi aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Lachisanu likubwerali yesani komaliza. Zikakanika, muzingobwera kudzacheza."

"Ndamva, alamu."

Lachitatu anapitanso, koma osati ndi bolodi. Anali atatenga malaya atatu a a Silas, kuchotsa mabatani n'kuikamo zomata, kuti munthu azitha kuvala ndi dzanja limodzi. Anapeza mpunga utayanikidwa pamikeka pabwalo. A Esnath anali atakhazika amuna awo pampando pafupi ndi mikekayo, ndodo ili pamiyendo, iwo n'kupita kumjigo. Che Aufi anapereka moni, nalandira "eya", nakhala pamasitepe.

Nkhuku zinali zikuzungulira chapatali, kupalasa fumbi ngati zilibe cholinga. A Silas sankaziona n'komwe. Ndiye thadzi lina lofiira linayandikira, linaima, linatambasula khosi, linaponda pamkeka. Ndodo inatsika ndi liwiro loti Che Aufi anadzidzimuka. Nthenga zinauluka.

"Choka!"

Mawuwo anatuluka opotoka m'kamwa mwa a Silas, koma anatuluka okha, popanda wowafunsa. Thadzi litathawa, a Silas anabwerera mmene analili. Patapita kanthawi linabwereranso, ndipo ndodo inatsikanso.

Che Aufi anaika malaya pampando n'kutsanzika. Panjira anaima pamlatho nthawi ndithu akuyang'ana madzi. London ija inali nkhuku zopalasa kutali. Aphunzitsi sankafuna mnzawo womanga nyumba yake mwaulemu kutsidya. Ankafuna chinthu choponda pamkeka pawo, pamene ndodo ingafike.

Lachinayi sanasoke kanthu. Mayi wina anabwera ndi siketi ya ukwati wa Loweruka, anamuuza kuti abwere mawa m'mawa. Anachotsa katoni ya Malcolm pakhoma, nayala bolodi pamwamba pa makina. Msilikali wa mfumu anamusiya, ameneyo ngwa aphunzitsi. Wa mfumukazi anali atayankhidwa kale kamodzi, ndiye poyambira mpomwepo. Nanga kenako? Anayesa hatchi, anaona kuti ili kutali. Anayesa shehe, chimodzimodzi. Kenako anagwira msilikali wa pambali, wa patsogolo pa shehe wa mfumukazi, namukankha masitepe awiri. Anaima chammbali mwa msilikali wakuda uja, pakamwa pake penipeni, wopanda womuteteza.

Anamubweza msanga. M'moyo wawo wonse sanaperekepo msilikali dala. Iwo ndi munthu amene amatola tizidutswa ta nsalu pansi n'kutisunga m'thumba la shuga, amene amayeza katatu asanadule. Anayesanso njira zina mpaka dzuwa kupendeka. Iliyonse inkachedwa, ndipo anali ataona kuti maso a a Silas sadikira kupitirira mayendo atatu. Anamukankhanso msilikali uja, namusiya pomwepo.

Lachisanu, atachoka ku Juma, anawoloka mtsinje. A Esnath anakhala pamkeka kumapeto kwa khonde akusankha nyemba, osayang'ana nyembazo. A Silas anali atavala limodzi la malaya a zomata aja.

Msilikali wa mfumukazi, masitepe awiri. A Silas anachedwa, koma anamutsekera njira ngati sabata yatha. Che Aufi anati bisimila chamumtima, nakankha wa pambali uja.

Maso a a Silas anali atayamba kale ulendo wa kuphiri, koma anabwerera. Anaima pa msilikali woyerayo. Nsidze ya mbali yamoyo inakwera. Anayang'ana Che Aufi monga ankayang'anira mwana wa sukulu amene wayankha zopusa, ndipo dzanja linatsika. Pha! Msilikali woyera anachoka pabolodi, wakuda anakhala pamalo pake.

Che Aufi sanapereke mpata. Anatsegulira shehe wawo wina njira kuti aloze wakubayo. A Silas anaona, nabweretsa msilikali wachiwiri kudzamuteteza. Che Aufi anatuma msilikali wa kumapeto kwa bolodi kukaluma wotetezayo. A Silas anabweretsa wachitatu. Wina anadya, wina anabwezera. Zidole zinkagunda pabolodi ngati kale, ndipo a Esnath anali ataika lichero pansi.

Pamenepo Che Aufi anaona chinthu chimene sanachikonzekere. Pofuna kusunga msilikali mmodzi wakuba uja, a Silas anali atachotsa asilikali onse a mbali imeneyo. Kuchokera pakati pa bolodi kukafika pakona pamene panali nsanja yakuda, njira yopingasa inali yoyera ngati msewu wa Lamulungu m'mawa. Mfumukazi yoyera ikangosuntha masitepe awiri, nsanjayo inali pangozi, ndipo panalibe pothawira.

Dzanja lawo linaima m'malere. Munthuyu ngodwala. Wangodzuka kumene. Kumumenya chonchi pa kuyenda kwachisanu ndi chimodzi, mwina atembenukiranso kukhoma, ndipo Lachisanu lina kulibe. Akanatha kutulutsa hatchi mwaulemu ngati sanaone. Anakweza maso. A Silas sankayang'ana iwo. Ankayang'ana njira yopingasa ija, kuchokera pakona mpaka pakati, kenako pa mfumukazi yoyera. Anali ataiona nawonso.

Che Aufi anasuntha mfumukazi.

A Silas anapuma mwamphamvu ndi mphuno. Dzanja linapita pa nsanja, linaona kuti ilibe kolowera, linabwerera pabondo. Mphindi zinadutsa. A Esnath anayamba kudzuka, koma Che Aufi anawaimitsa ndi chala chimodzi, chifukwa maso a aphunzitsi sanachoke pabolodi. Milomo inkagwedezeka. Pomaliza anagwira hatchi yakuda, naiponya pakati pa njirayo, kuti mfumukazi idye iyo m'malo mwa nsanja. Pa zoipa ziwiri anasankha chochepa. Munthu wongobweza ndodo sangachite zimenezo. Pankafunika kuwerenga mayendo atatu kutsogolo.

Che Aufi anadya hatchiyo, mfumukazi n'kuloza mfumu yakuda. "Cheki, aphunzitsi."

A Silas anatchinga ndi bishopu, amene nthawi yomweyo analoza mfumukaziyo, ndipo inayenera kuthawa.

Gemu inatenga ola ndi theka. Che Aufi anatuluka thukuta mpaka mzuli kunyowa, chifukwa anaona kuti akangoyenda kamodzi mopanda kuopseza kanthu, maso aja ankayamba kulemera. Anayenera kuluma kuyenda kulikonse, apa, apo, kukankha asilikali amene zaka zonse ankawasunga pakhomo. Anataya shehe mosayenera. Anatsala pang'ono kutaya mfumukazi. Koma hatchi ija inali itapita, ndipo pamapeto pake mfumu yakuda inapanikizika pakona. A Silas anaiyang'ana nthawi yaitali, naigwetsa ndi chala.

Che Aufi anayang'ana pansi, akudikira kumva mpando ukutembenuka.

"Wa... wakuba."

Anakweza mutu. Kamwa lopotoka lija linali litapotokanso kwambiri, ndipo phewa limodzi linkagwedezeka. A Silas ankaseka.

"Ndani wakuba, aphunzitsi? Amene anayamba kutola za eni ake ndani?"

"Nyambo," anatero a Silas, akuloza msilikali woyamba uja ali pambali pa bolodi. "Telala... nyambo."

A Esnath anaphimba kumaso ndi chitenje n'kulowa m'nyumba. Anamveka akutsukuluza makapu amene anali otsuka kale.

Che Aufi anayamba kutolera zidole kuti aziike m'thumba, koma dzanja lamanzere linawagwira pamkono. A Silas anayamba kuimika zakuda mbali yawo, chimodzichimodzi, zina zikugwa n'kuzidzutsanso. Zoyera anazikankhira kutsidya ndi kuseri kwa dzanja.

"Nthawi ya Asiri yakwana, aphunzitsi. Ndiswali kaye."

A Silas analoza kumapeto kwa khonde kumene kunali mkeka wa akazi awo. Che Aufi anapempha madzi, naswali pomwepo. Pobwerera anapeza zoyera zitaimikidwa kale, hatchi imodzi itayang'ana chammbuyo.

Anakankha msilikali wa mfumukazi. A Silas anatseka. Anakankha wa pambali uja, pakamwa pomwe paja, nakhala tsonga kudikira kuti adyedwe.

A Silas anamuyang'ana msilikaliyo. Anayang'ana Che Aufi. Kenako anagwira msilikali wa patsogolo pa mfumu yawo, namusuntha sitepe imodzi yokha, kulimbitsa wapakati uja. Nyamboyo anaisiya pomwepo.

Che Aufi anakanda pansi pa mzuli. Lachinayi lonse anakonzekera za munthu wodya. Za munthu wokana sanaganizeko ngakhale pang'ono. Anayang'ana hatchi, anayang'ana shehe, anayang'ananso msilikali wawo ali yekhayekha kutsogolo. Mphindi zinadutsa. Chala cha a Silas chinayamba kugogoda m'mphepete mwa bolodi.

"Sewerani," anatero. "Dzuwa."

"Dekhani, aphunzitsi. Zoyerazi n'zovuta."

"Esnath!" anaitana a Silas, osachotsa maso pabolodi. "Tiyi!"